Madzi akaphwera chimatsala n'chiyani? Mafunso ndi mayankho pa za kummwera

Ku Nsanje ndi ku Chikwawa anthu sawerenganso zaka ndi kalendala yokha. Amawerenga ndi mayina a anamondwe: mwana uyu anabadwa nthawi ya Idai, nyumba ija inagwa ndi Ana, ng'ombe zija zinapita ndi Freddy. Kumaofesi ku Lilongwe nkhani zimenezi zimakhala m'mafayilo osiyana. Za kwacha zili kwa a chuma, za kolera kwa a zaumoyo, za milatho kwa a zamtengatenga, za misasa kwa a nthambi yoona za ngozi ya DoDMA. Koma mayi amene akuwoloka Ruo pa bwato, mwana wotsekula m'mimba ali kumbuyo, amakumana nazo zonse pa ulendo umodzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amamveka m'minibasi, pamjigo ndi pamaliro.

Kodi chinachitika n'chiyani kwenikweni mu Malichi 2023?

Namondwe wa Freddy anayambira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale. Anadutsa nyanja yonse ya Indian, n'kumenya Madagascar, n'kulowa mu Mozambique, n'kubwereranso m'nyanja ngati wayiwala kanthu. Pa 11 Malichi analowanso kachiwiri kufupi ndi Quelimane, ndipo ulendo uno anakwera mpaka kwathu. Anakhala ndi moyo masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'kaundula wa akatswiri a zanyengo amene anakhalitsa chotero.

Kuno sichinali chimphepo chimene chinapha anthu ambiri ayi. Inali mvula yosakata kwa masiku angapo pa nthaka yomwe inali itakhuta kale madzi. Phiri la Soche linagumuka n'kutsikira pa nyumba za ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakwiriridwa. Ku Phalombe ndi ku Mulanje miyala yaikulu ngati nyumba inagubuduka kuchokera m'phiri. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti kummwera kwagwa ngozi, kenako dziko linakhala masiku 14 likulira maliro. Akufa, kuphatikiza amene sanapezeke mpaka lero, anapitirira 1,000. Anthu opitirira 650,000 anasowa pokhala, ndipo ambiri anakagona m'makalasi ndi m'matchalitchi.

Nanga bwanji ndi kummwera nthawi zonse? Kodi kuli tsoka lanji?

Tsoka lake ndi malo. Chigwa cha Shire ndicho chidikha cha dziko lino: kumunsi kwa Nsanje nthaka siikwana mamita 50 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,000. Mvula ikagwa ku Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Mwanza, madzi ake onse amakakumana kumeneko. Ruo amatsika ndi liwiro n'kukalowa mu Shire pa Chiromo, ndipo akadzaza amatsekereza Shire kuti asapite, madzi n'kubwerera m'mbuyo, n'kufalikira m'midzi. Munthu wa ku Makhanga angathe kumizidwa ndi mvula imene sanaione n'komwe ikugwa.

Zimenezi si zachilendo. Agogo athu ankatchula napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula chilichonse. Ku Zomba amakumbukira napolo wa 1946, ku Phalombe wa 1991. Chachilendo n'chakuti mpata wopumira watha. Madzi anasefukira mu Januwale 2015, Idai anabwera mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu 2023. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengezanso ngozi m'maboma 23 mwa 28, koma ulendo uno chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Banja limene linagulitsa mbuzi kuti limangenso nyumba mu 2022 linalibe mbuzi yoti ligulitse mu 2023.

Mbali ina ndi ya ife eni. Matumba a makala amene amatsika m'mapiri pa njinga m'mawa uliwonse ndi mitengo imene ikanagwira dothi. Dothilo limakokoloka n'kukadzaza mitsinje, ndipo mtsinje wodzaza mchenga susowa mvula yambiri kuti usefukire. Wootcha makala sitingamuloze chala tokha, poti amene timawagula ndife a m'tauni, makamaka magetsi akazima.

Anthu amati mlatho ndi nkhani ya zaumoyo. Zikugwirizana bwanji?

Funso limeneli ndiye phata la zonse. Taganizani za chipatala chaching'ono cha kumudzi. Mankhwala ake amabwera pa galimoto. Mafuta a jenereta ndi a ambulansi amabwera pa galimoto. Katemera amafunika kufika akuzizira. Mayi amene mwana wakhala mopingasa m'mimba amafunika kutumizidwa ku chipatala cha boma kuti akachitidwe opaleshoni, ndipo maola ake ndi owerengeka. Namwino nayenso amafunika njira yopitira kukatenga malipiro ndi kukaona ana ake. Mlatho umodzi ukakokoloka, chipatalacho chimatsala chili chiimire, denga lili bwinobwino, koma chafa.

Nthawi ya Freddy madera ngati Nkhulambe ku Phalombe ndi Makhanga ku Nsanje anadulidwa kotheratu. Chakudya ndi mankhwala zinkafika pa ndege za helikopita ndi pa mabwato, ndipo tinathandizidwa ndi anzathu a ku Tanzania ndi ku Zambia. Ndege n'zothandiza pa sabata yoyamba, pamene makamera ali pomwepo. Koma munthu amene amamwa ma ARV amafunika mankhwala ake mwezi ndi mwezi, chimodzimodzi wa shuga, wa BP, wa chifuwa chachikulu ndi wa khunyu. Ambiri kabuku kawo ka kuchipatala kanapita ndi madzi pamodzi ndi mabotolo a mankhwala. Anthu otere akamwalira patapita miyezi inayi salembedwa m'gulu la ophedwa ndi namondwe. Amangoti anadwala.

Ndiye pali mtengo wa ulendo. Pamene panali mlatho, munthu ankalipira minibasi kamodzi. Mlatho ukachoka amalipira kabaza mpaka pamtsinje, n'kulipira wa bwato kapena anyamata omuwolotsa pamsana, n'kulipiranso njinga yamoto kutsidya. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, inde, koma kukafika pa khomo la chipatalacho si kwaulere. Banja limayamba layesa kaye mankhwala a pagolosale, n'kudikira kuti mwina mawa adzuka bwino. Likamaganiza zobwereka ndalama ya katapila kuti linyamuke, nthawi yatha kale.

Ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, zimenezi si za nyengo ya namondwe yokha. Kuchokera pamene madzi anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, anthu a ku Makhanga ndi Muona akhala akuwoloka pa bwato kuti akafike ku Bangula, m'madzi momwe muli ng'ona ndi mvuu. Dzina loti Mtayamoyo limene lili pamalopo silifuna womasulira. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho tsopano ali ndi ana ake asukulu.

Kodi kolera ija inabwera ndi Freddy?

Ayi, Freddy anaipeza. Wodwala woyamba anapezeka ku Machinga kumayambiriro kwa Malichi 2022, Ana atangodutsa. Chimene chinadabwitsa azaumoyo n'chakuti matendawa sanazilale m'chilimwe monga amachitira zaka zonse. Anakwera m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Nkhata Bay ndi Karonga, n'kufika m'maboma onse. Mu Disembala 2022 boma linalengeza kuti ndi mliri wofunika kuchitapo kanthu mwachangu, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira. Mwezi wotsatira panayambika kampeni ya Tithetse Kolera. Pomwe mliriwu unkatha, odwala anali pafupifupi 59,000 ndipo akufa anapitirira 1,700. Sitinaonepo kolera yoopsa chotero m'mbiri ya dziko lino.

Manambala awiriwa ali ndi nkhani yawoyawo. Akutanthauza kuti mwa odwala 100 aliwonse, atatu ankamwalira. Akatswiri amati chithandizo chikamafika bwino, womwalira sayenera kufika ngakhale mmodzi pa 100. Kolera siifuna mankhwala odula. Imapha pomaliza madzi m'thupi, ndipo imachizika pobwezera madziwo: thanzi ORS, kapena diripu kwa amene wafooka kwambiri. Ngakhale kunyumba, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimamusunga munthu panjira. Amene anamwalira ambiri anafika mochedwa kapena sanafike n'komwe. Tabwereranso ku nkhani ya msewu.

Katemera naye anali wosowa padziko lonse, moti mu Okutobala 2022 mabungwe oyang'anira nkhokwe yake anagamula kuti anthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Koma katemera amangogula nthawi. Chimene chimathetsa kolera ndi mpopi, mjigo wogwira ntchito ndi chimbudzi chosagwa ndi mvula yoyamba.

Magetsi akulowapo bwanji pa nkhani ya madzi akumwa?

Pafupifupi magetsi athu onse a mphamvu ya madzi amachokera pa mtsinje umodzi, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ana atagumula damu la Kapichira pa 24 Januwale 2022, tinataya mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene kampani ya EGENCO inkapanga, ndipo sanabwerere mpaka patadutsa chaka ndi miyezi ingapo. Amene anali ndi chigayo, saluni, wowotcherera zitsulo kapena wogulitsa nsomba za mufiriji amaikumbukira bwino nyengo imeneyo.

Tsono madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera pa Walker's Ferry pa Shire, n'kukwezedwa mtunda wautali kupita kumzinda umene uli pamwamba. Ntchito imeneyo imadya magetsi ochuluka. Magetsi akazima mipopi imauma, ndipo amayi a ku Ndirande, Bangwe ndi Mbayani amatsikira ku zitsime ndi timitsinje timene tadutsa m'zimbudzi za anthu. Damu logumuka ku Chikwawa limakathera m'chidebe cha madzi ku Ndirande.

Ndalama zokonzera zinthu zinalonjezedwa zambiri. Bwanji milatho ina ikadali yongogwirizira?

Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi mabungwe akunja anapeza kuti Freddy anawononga zinthu za madola pafupifupi 507 miliyoni a ku America, ndipo kuti kukonzanso kunkafunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Nambala yachiwiriyo ndi yaikulu chifukwa cholinga chinali kumanga zolimba kuposa zimene zinagwa. Kuti muone kukula kwake: katundu yense amene dziko lino limagulitsa kunja pachaka, fodya, tiyi, shuga, nyemba ndi zina zonse, amabweretsa madola pafupifupi biliyoni imodzi, pamene timagula kunja zinthu za pafupifupi mabiliyoni atatu. Masiku ochepa a mvula anadya theka la thukuta la chaka chonse.

Chachiwiri, lonjezo si ndalama. Thandizo la chakudya ndi matenti limabwera msanga chifukwa zithunzi za ana ali m'matope zimagwira mtima. Mlatho sugwira mtima wa munthu. Umafuna mapulani, ma tenda, kontirakitala, ndipo pofika pamene zonsezi zatheka dziko lapansi layang'ana kwina.

Chachitatu ndi chimene sichikambidwa mokwanira. Mlatho timaumanga ndi kwacha koma timaugula ndi dola. Zitsulo, phula, dizilo wa makina, zipangizo za makinawo, zonsezi n'zochokera kunja. Mu Meyi 2022 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023, patangopita miyezi 8 chichitikire Freddy, inaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kontirakitala amene anasaina mgwirizano mu Julayi anapezeka mu Disembala kuti ndalama yake sikwanira ngakhale zitsulo zokha. Amaimitsa ntchito, n'kupempha kuti mtengo ukwezedwe, makalata n'kumayenda m'maofesi, mvula ina n'kubwera n'kukokolola njira yapambali imene anakonza. Chikwangwani chokhala ndi dzina la pulojekiti chimatsala chokha m'mbali mwa msewu, utoto ukusuluka.

Sikuti zonse ndi za kwacha. Pali milatho ina imene inagwa chifukwa inamangidwa mwachinyengo, simenti yochepa mchenga wambiri, ndipo pali ngalande zimene palibe anazichotsapo zinyalala kwa zaka. Pa lita iliyonse ya mafuta timalipira msonkho wokonzera misewu, ndipo kuyambira 2021 ndi 2022 timalipiranso pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke. Woyendetsa galimoto ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zikukonza pati.

Munthu wa kumudzi sanagwirepo dola. Kugwa kwa kwacha kukumukhudza bwanji?

Amaigwira tsiku lililonse osadziwa. Ili m'thumba la feteleza, m'malata, m'misomali, m'mafuta ophikira, mu sopo, mu petulo wa njinga yamoto imene imamutengera kuchipatala. Amene nyumba yake inagwa mu Malichi 2023 n'kumasonkhanitsa pang'onopang'ono za ganyu ndi za ku banki m'khonde kuti agule malata, pofika Khirisimasi anapeza kuti ndalama ya malata khumi ikugula asanu ndi limodzi kapena kucheperapo. Ndalama za Mtukula Pakhomo nazo zimafika zitachepa mphamvu.

Boma linatsitsa kwacha pofuna kuti mtengo wa dola wa kubanki uyandikire wa pamsika wamdima, komanso kuti ligwirizane ndi IMF, imene inavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni mwezi womwewo wa Novembala 2023. Pamapepala mfundo yake imamveka: kwacha yotsika imapangitsa katundu wathu kutchipa kunja, ndiye tigulitse wambiri. Vuto n'lakuti tinalibe wambiri woti tigulitse. Minda inali itakokoloka, ndipo chaka chotsatira inapsa ndi dzuwa. Mgwirizano ndi IMF uja unatha mu Meyi 2025 usanafike kumapeto, titalandirako gawo loyamba lokha.

Akuluakulu amati kale katundu ankabwera pa sitima. Njanji ija inapita kuti?

Akunena zoona. Njanji yoyamba ya dziko lino inali ya m'chigwa cha Shire, yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo mpaka ku Blantyre, ndipo inafika mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, sitima inkatha kuchoka ku Beira mpaka ku Limbe popanda kutsitsa katundu. Mu 1970 panatsegulidwa njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi, yolumikiza ku doko la Nacala. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dziko muno ankayenda pa njanji ziwirizi.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique ndi imene inazidula, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Tinayamba kudalira mathiraki ozungulira mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Nkhondo inatha mu 1992, koma mathirakiwo sanachoke pamsewu. Mpaka lero mafuta ambiri amabwera pa matanka, ena kuchokera ku Beira kudzera ku Tete ndi Mwanza, ena kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, mtunda woposa kawiri wa ku Beira kwa amene ali ku Blantyre. Mtengo wa ulendowo umalowa m'chinthu chilichonse cha m'sitolo, ndipo kulemera kwa mathirakiwo ndi kumene kumaswa msewu wa M1.

Njanji ya Nacala inatsitsimuka pamene kampani ya Vale inamanga njira yotengera malasha kuchokera ku Moatize, kudutsa m'dziko muno, mtunda wa makilomita opitirira 900. Ndi njanji yabwino, koma inamangidwira malasha, ndipo katundu wathu amakwera ngati mlendo. Kumbali ya Beira, a Mozambique anakonza gawo lawo kuchokera ku Mutarara mpaka kumalire, ndipo kwathu ntchito ya makilomita 72 kuchokera ku Marka kufika ku Bangula inayambika koma yakhala ikuyenda mwa apo ndi apo, chifukwa cha madzi osefukira komanso kukwera kwa mitengo. Ngakhale itafika pa Bangula, funso lalikulu lidzakhala likadalipo: kuwoloka Shire kupita ku Makhanga ndi kukwera mpaka ku Limbe. Popanda gawo limenelo, katundu azitsika m'sitima n'kukweranso thiraki pa msewu womwe uja umene madzi amadula.

Nanga doko la Nsanje?

Linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, atsogoleri a Zambia ndi Zimbabwe ali pomwepo. Chombo chimene chinkayembekezeka sichinafike, chifukwa a Mozambique anachigwira, ponena kuti panalibe kafukufuku wa momwe zombo zingakhudzire mtsinje wa Zambezi. Khoma la simenti lija likadalipo, asodzi amamangirirapo mabwato awo. Tinamanga khomo lotulukira pabwalo la mnzathu tisanagwirizane naye.

Ndiye kuti zathu zonse zili m'manja mwa Mozambique?

Zambiri ndithu, ndipo zawonso zina zili m'manja mwathu. Namondwe aliyense amene amatifika amayamba wadutsa kwawo. Idai anagumula Beira, ndipo doko limene timadalira linaima. Ruo ndi malire, koma anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi: Asena, Amang'anja, Alomwe, okwatirana, ogulitsana chimanga, oikana maliro. Zipatala za ku Nsanje, Mulanje ndi Mwanza zimalandira odwala ochokera kutsidya tsiku ndi tsiku, ndipo matenda safunsa chiphaso. Poliyo atapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, patangopita miyezi yochepa anapezekanso ku Tete, ndipo mayiko a m'chigawo chino anachita kutemera ana nthawi imodzi.

Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chitabweretsa zipolowe, matanka a mafuta anavutika kudutsa, mizere ya pa filing'i siteshoni kuno n'kutalika, ndipo mu Disembala anthu zikwizikwi anawolokera ku Nsanje kuthawa. Anafikira kwa anthu amene nawonso anali asanadzuke ku Freddy ndi ng'amba. Anawalandirabe, monga anachitira makolo awo m'zaka za m'ma 1980 pamene dziko lino linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Nthambo ya magetsi yochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka ndi chingwe china chotimanga pamodzi, ndipo magetsi akewo ndi ogula ndi ndalama zakunja.

Funso limene a m'tauni amakonda: bwanji anthuwa sangosamukira kumtunda?

Wofunsa chotere nthawi zambiri sanaonepo dimba la ku Nsanje mu Ogasiti. Pamene dziko lonse lili mbuu ndi fumbi, kumeneko chimanga chili biriwiri, mbatata, nyemba, maungu, popanda feteleza ngakhale thumba limodzi, chifukwa madzi omwe aja amene anagwetsa nyumba anasiya dothi lachonde. M'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi muli nsomba, muli msipu wa ng'ombe. Kumtunda kumene amauzidwa kuti apite n'kouma, kwamiyala, ndipo kuli eni ake. Chigwachi chimalandira mvula yochepa kwambiri. Kumuuza munthu kuti achoke ku madzi n'kumuuza kuti asankhe pakati pa ngozi ya sabata imodzi pachaka ndi njala ya miyezi khumi ndi iwiri. Anthu a kwa Mfumu Nyachikadza akhala akukana kusamuka kwa zaka zambiri, ndipo si chifukwa cha umbuli. Anawerengera.

Palinso za ufumu ndi manda. Nyakwawa ikasamukira m'dera la mfumu ina imasanduka mlendo, anthu ake n'kukhala a mwini dera. Ndipo munthu sasiya mosavuta pamene anaika mayi ake.

Kumene kusamuka kwayendako bwino, anthu sanauzidwe kuti asiye minda. Amanga nyumba kumtunda, n'kumatsikira kudimba kukalima, ena n'kukhala ndi kachisakasa kogonamo nthawi yokolola. Koma zimatheka pokhapokha malo atsopanowo ali ogulidwa mwadongosolo, ali ndi mjigo, sukulu ndi njira. Kungowatsitsa anthu pa thengo ndi mapepala apulasitiki, n'kuwajambula chithunzi, ndiye kuti pofika Juni abwerera. Madzi saiwala khwawa, anthunso saiwala pamene pamawadyetsa. Ngalande yaikulu yothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera pa Kapichira, ikadzatha n'kuthirira mahekitala opitirira 40,000 monga anakonzera, mwina kumtunda kudzakhala ndi yankho la funso la chakudya. Nayonso Ana anaiwonongera pomwe imayambira.

Za ku Soche ndi Ndirande n'zosiyana pang'ono koma muzu ndi womwewo. Palibe amene amamanga m'mbali mwa phiri chifukwa chokonda mphepo. Ndi pamene puloti inali yotchipa, pafupi ndi ganyu wa ku Limbe ndi mu tauni. Ndipo wina anawagulitsa malowo, wina anadinda, wina anayang'ana kumbali.

Lamulo latsopano la za ngozi lasintha chiyani?

Kwa zaka zoposa 30 tinkayendera lamulo la 1991, limene linabadwa chifukwa cha napolo wa ku Phalombe, ndipo mtima wake unali pa kugawa thandizo ngozi itachitika kale. Bilu yolilowa m'malo inakhala m'madirowa zaka zambiri. Freddy atadutsa, aphungu anaivomereza m'masabata ochepa, mu Epulo 2023. Lamulo latsopanoli limaika patsogolo kukonzekera ndi kuchepetsa chiopsezo, ndipo limapereka mphamvu zoletsa anthu kukhala m'malo oopsa.

Chenjezo lokha layamba kuyenda bwino. A zanyengo amalengeza masiku angapo namondwe asanafike, mawayilesi a m'madera amabwereza, mauthenga amafika pafoni, ndipo m'mitsinje ina muli anthu ongodzipereka amene amawerenga mlingo wa madzi n'kuimbira anzawo a kumunsi. Chimene chimasowa ndi kothawira. Chenjezo likanena kuti pitani kumalo okwera, malo okwerawo amakhala sukulu ya pulayimale yokhala ndi zimbudzi zochepa, yomwe ilandire anthu mazanamazana, ana n'kuleka kuphunzira kwa mwezi kapena iwiri. Makomiti a za ngozi a m'midzi alipo, mayina awo ali m'mabuku a kwa DC, koma ambiri alibe bwato, alibe ngakhale tochi.

Mayiko olemera ndiwo anawononga nyengo. Sayenera kulipira?

Ayenera. Utsi umene Mmalawi mmodzi amatulutsa pachaka ndi kadontho poyerekeza ndi wa munthu wa ku America kapena ku Ulaya. Pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh mu Novembala 2022 mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipirira zowonongeka zotere, ndipo boma la Scotland linaperekako ndalama zimene zinafika mwachindunji m'manja mwa mabanja ena okhudzidwa ndi Freddy. Koma zimene zalonjezedwa m'thumba lonselo, la mayiko onse osauka, n'zongofanana ndi zimene Freddy yekha anafuna kuno. Ndipo mphepo yatembenuka: kuyambira mu Januwale 2025 boma la America linadula thandizo lambiri lodzera ku USAID, m'dziko limene mankhwala a HIV, malungo ndi chifuwa chachikulu akhala akugulidwa kwambiri ndi ndalama za abwenzi akunja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Munthu wamba angadziwe bwanji ngati dera lake lakonzeka?

Asadikire Januwale. Ayende mu Okutobala, dzuwa lili phwee, akasuzumire pansi pa kamlatho ka pafupi ndi kwawo. Ngati m'mapaipi ake mwadzaza mchenga ndi mapepala mpaka kukamwa, madzi adzadutsa pamwamba. Akafunse mlangizi wa zaumoyo ngati klorini ndi thanzi ORS zafika kale kutsidya kwa mtsinje, osati zili ku nkhokwe ya kuboma kudikira galimoto. Akafunse kuchipatala ngati a ma ARV adzapatsidwe a miyezi ingapo mvula isanayambe, ndiponso ngati amayi oyembekezera a kutsidya ali ndi malo kuchiyembekezo. Akafunse khansala kuti sukulu imene anthu adzathawireko ili ndi zimbudzi zingati, mjigo wake ukutulutsa madzi kapena ayi, ndipo bwato la komiti lili kwa yani, injini yake inalizidwa liti komaliza.